Fupa Lomera M'mbale: Zimene Likutiuza za Ana Athu

Moni kwa inu a ku Ulónguè, ku Dómuè, ku Tsangano ndi ku Furancungo. Moni kwa abale athu a tsidya lija ku Dedza ndi ku Ntcheu, poti mawu a wailesi safunsidwa chiphaso akamadutsa pa Calómuè. Ndine mmodzi wa ma ativisita a zaumoyo, aja timayenda khomo ndi khomo kukufunsani makhadi a ana.

Lero ndabwera ndi nkhani ya mafupa. Koma ndiyambira kutali pang'ono, ndiye mundipirire.

Pa maphunziro athu ena, adokotala amene ankatiphunzitsa anationetsa zithunzi ziwiri pa foni yawo. Zinali timbale tiwiri tozungulira. Kena kanali ndi madontho abuluu, kena madontho ofiira. Ine ndinkayesa maluwa a pa chitenje. Iwo anati, apa pabuluupa ndi chicherewecherewe chimene chamera m'mbale, apa pofiirapa ndi pamene chayamba kulimba ngati fupa. Ndinaseka. Fupa n'kumera m'mbale ngati nyemba? Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye ndinafunsa mafunso mpaka anzanga anatopa nane. Zimene ndinatolako ndi zimene ndikugawireni.

Tiyambire pa nkhuku. Mukamadya ntchafu ya nkhuku, kumapeto kwa fupa kumakhala kanthu koyera, koterera, kamene ana amakonda kukukuta. Chimenecho ndicho chicherewecherewe. Gwirani khutu lanu, gwirani nsonga ya mphuno. Ndi chomwecho. Tsono amene munaphikapo kamwana ka mbuzi mukudziwa kuti nyama ikapsa, mutu wa fupa umachoka wokha ngati chivundikiro cha botolo. Mbuzi yokalamba sizitheka zimenezo, fupa lake ndi limodzi lolimba. Chifukwa chake n'chakuti pa chiweto chaching'ono, pakati pa mutu wa fupa ndi thunthu lake pamakhala kamzere ka chicherewecherewe. Pamenepo ndi pamene fupa limatalikira. Tiyeni tipatche kuti pomerera fupa.

Mwana wa munthu ndi chimodzimodzi. Ali m'mimba, mafupa a miyendo ndi manja amayamba ngati chicherewecherewe chokhachokha, kenaka n'kumalimba pang'onopang'ono. Amabadwa ndi tizidutswa toyandikira 300, ndipo tina timalumikizana mpaka munthu wamkulu atsala ndi mafupa 206. Pomerera fupa paja pamagwira ntchito ubwana wonse. Atsikana pamatsekeka akafika zaka za m'ma 14 mpaka 16, anyamata mochedwerapo pang'ono. Pakatsekeka, basi, msinkhu wathera pomwepo. Ngakhale mutamupatsa nyama tsiku ndi tsiku, anenepa koma satalikanso.

Ndiye funso limene akatswiri anali nalo ndi ili: chimachitika n'chiyani kwenikweni pomerera fupa paja? Sungang'ambe mwendo wa mwana kuti usuzumiremo. Apa ndi pamene mbale ija ikubwerera.

Thupi lathu linamangidwa ndi tinthu tamoyo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Ndi maso simungationone, mpaka mutagwiritsa ntchito maikulosikopu, makina aja amayezera malungo ndi chifuwa chachikulu. Selo limadya, limakula, limagawikana kukhala awiri. Akatswiri anapeza kuti maselo ena akhoza kukhala ndi moyo kunja kwa thupi, n'kumaswana osaleka, bola uziwadyetsa. M'Chipwitikizi amati linhagem celular. Ine ndimati mbumba ya maselo. Taganizani za kholowa wa mbatata. Agogo anadzala mbatata imodzi yokoma. Mwana wawo anadulako kholowa, anansi anapemphako, wina anapita naye ku Ntcheu. Patha zaka, agogo anamwalira, koma mbatata yomwe ija ili m'minda yambirimbiri. Mbumba ya maselo imayenda choncho, labotale ina kugawira inzake. Ubwino wake ndi wakuti wa ku Japan ndi wa ku Brazil akamayesa chinthu, amakhala akuyesa pa mbewu imodzi, ndiye akhoza kutsutsana kapena kuvomerezana mwachilungamo.

Mbumba ya madontho abuluu ija dzina lake ndi ATDC5. Musavutike kuloweza. Inalengezedwa ku Japan m'chaka cha 1990, ndipo inachokera m'chotupa cha mbewa. Eetu, mbewa. Si zathu zija anyamata amakumba m'minda tikakolola ayi, ndi mbewa zoweta za mu labotale. Palinso mbumba ina yotchedwa MC3T3-E1, yochokeranso ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Imeneyi anaitenga ku chigaza cha tiana ta mbewa tongobadwa kumene, ndipo ntchito yake ndi kumanga fupa.

Amawasamala bwanji? Ngati khanda. Amawaika m'timbale ta pulasitiki, n'kuwathira madzi ofiirira okhala ndi shuga, mchere, mavitamini ndi zakudya zina. Timbaleto timakhala m'kabati yofunda madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu wosadwala. Pakapita masiku awiri kapena atatu amawasinthira madziwo, chifukwa chakudya chimatha ndipo zonyansa zimachuluka. Kachilombo kamodzi kakalowamo, mbale yonse yawonongeka, n'chifukwa chake amavala magolovesi ndi kupukuta paliponse. Akafuna kusunga mbewu ya mtsogolo, amaiumitsa pa kuzizira kwa madigiri 196 pansi pa ziro. Kuzizira kwa ku Tsangano mwezi wa June n'kwamasewera. Pakatha zaka amaisungunula, maselo aja n'kudzuka n'kupitiriza kuswana.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunong'onezana kuti, mwamva, azungu aja amaweta ziwalo. Tiyeni tilankhule poyera. Tonse tikukumbukira mu 2017 pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa kumwera kwa Malawi. Tikudziwanso abale athu achialubino amene akhala akuphedwa chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Mafupa a munthu wachialubino ndi ofanana ndi anga ndi anu, mulibe golide, mulibe chizimba. Maselo amene ndikunenawa ndi a mbewa, ndipo akhala akudziswa okha kwa zaka zoposa 30. Magazi amene namwino amakutengani pa chala ndi oyezera matenda anu omwewo.

Koma sindikunamizani kuti cholakwika sichinachitikepo. Mu 1951, ku Baltimore m'dziko la America, mayi wina wachikuda dzina lake Henrietta Lacks ankadwala khansa ya khomo la chiberekero. Madokotala anatengako maselo a chotupacho osamupempha. Mayiyo anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 31, koma maselo ake, otchedwa HeLa, alipo mpaka lero, ndipo anathandiza poyesa katemera wa poliyo. Banja lake linadziwa patapita zaka zambiri. Kumeneko kunali kulakwa. Masiku ano wofuna kuchita kafukufuku pa munthu ayenera kumufotokozera m'chilankhulo chimene akumva, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wokana popanda kumanidwa thandizo. Ufulu umenewo ndi wanunso.

Tsopano tibwerere ku mbale ija, chifukwa pokoma nkhani ndi apa.

Maselo a ATDC5 ukangowadyetsa chakudya wamba, amangoswana n'kudzaza mbale ngati mphasa. Koma ukathiramo insulini, mankhwala omwe aja amabayidwa odwala matenda a shuga, amasintha khalidwe. Amayamba kusonkhana timagulu, ngati anthu pa maliro. Pakatha masabata awiri kapena atatu timagulu tija timasanduka timibulu ta chicherewecherewe, ndipo ukathirapo utoto wina timaoneka tabuluu. Ukadikirabe, maselo a pakati amafufuma, n'kuyamba kuunjika kashiamu mozungulira. Utoto wina wofiira umagwira pamene pali kashiamu, n'chifukwa chake chithunzi chachiwiri chija chinali chofiira. Ndondomeko yomweyi ndi imene imachitika m'bondo la mwana wanu usiku uno: kuswana, kusanduka chicherewecherewe, kufufuma, kulimba. Palibe kudumpha.

Chenjezo pompano: insulini si mankhwala okulitsa mwana. Mwana wopanda matenda a shuga mukamubaya akhoza kufa. M'mbale muja insulini imangoimira uthenga wina wofanana nayo umene thupi limapanga lokha, makamaka m'chiwindi, wouza pomerera fupa kuti kulani. Ndipo mwana akamagona ndi njala, akamasowa zakudya zomanga thupi, kapena akamatsekula m'mimba kawirikawiri, thupi limachepetsa uthengawo. Limati tisunge kaye moyo, za msinkhu tiona. Kupinimbira kumayambira pamenepo. Si kuti makolo ake ndi afupiafupi basi, monga timakonda kunenera.

Maselo a chigaza aja nawonso ali ndi phunziro lawo. Ukapanda kuwapatsa vitamini C, amaswana bwinobwino koma fupa samanga. Ukawapatsa vitamini C, amayamba kuluka ulusi wolimba wotchedwa kolajeni, ndipo pa ulusiwo ndi pamene kashiamu ndi mchere wina wotchedwa fosifeti zimakakamira. Amene munamangapo nyumba yophoma mwamva kale. Umayamba wazika nsichi, n'kumanga mbaliro, kenaka n'kuphoma dothi. Dothi lopanda mbaliro limagwa. Mbaliro zopanda dothi ndi khola la mbuzi, mphepo imangodutsa. Kolajeni ndiye nsichi ndi mbaliro, kashiamu ndiye dothi. Mmisiri ndi selo, ndipo mmisiri wanjala sagwira ntchito.

Ndiye tiyang'ane mbale ina, ya mwana wanu. Muli chiyani?

Kuno kwathu Mulungu anatidalitsa. Timakolola chimanga, mbatatesi, nyemba, soya. Magalimoto amadzaza kupita ku Tete ndi ku Beira. Koma ine ndikamayenda m'makomo ndimapeza mwana wa chaka chimodzi akudya phala la ufa woyera lothira mchere, m'mawa, masana, madzulo. Soya yense anagulitsidwa kwa mavenda. Mazira akusungidwa kuti aswe, kapena ndi a bambo. Pepani abambo, ndinena ndithu. Chimanga chimakhutitsa, koma kashiamu muli wochepa kwambiri. Ku Jos m'dziko la Nigeria, kumene dzuwa ndi lambiri ngati kwathu kuno, madokotala anapeza ana ambiri a mafupa ofewa ndi miyendo yopindika. Kafukufuku amene anatuluka mu 1999 anaonetsa kuti ana amene anapatsidwa kashiamu anachira bwino kuposa amene anapatsidwa vitamini D yekha. Chakudya chawo chinali cha chimanga, chopanda mkaka. Mukumva ngati akunena za ife?

Dothi lophomera lija tili nalo pafupi. Usipa, matemba, kapenta wa ku Cahora Bassa, nsomba zimenezi timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali m'mingamo ndi m'mitu. Amayi ena amadula mitu n'kutaya, kuopa kuti mwana atsamwa. Musataye. Kazingani pang'ono, sinjani, sefani, muzithira supuni imodzi m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6. Thiraninso nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga. Mawere, amene ambiri tinawasiyira thobwa, ali ndi kashiamu wambiri kuposa chimanga. Bonongwe, chisoso, khwanya, chammwamba, zonsezi n'zothandiza. Amene muli ndi mbuzi kapena ng'ombe yokama, wiritsani mkaka muthire m'phala.

Za vitamini C, musadikire mapiritsi. Masau, malambe, magwafa, mango, mapapaya ndi matimati zili nazo. Chokhacho dziwani kuti vitamini ameneyu sapirira moto. Masamba owiritsa mpaka asanduke akuda, kapena othira soda wambiri, atsala dzina lokha. Vitamini D, amene amathandiza thupi kuyamwa kashiamu m'matumbo, khungu limapanga lokha likaona dzuwa. Mwana woyenda mulekeni asewere panja. Ndipo miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, kenaka bere ndi chakudya mpaka zaka 2. Kuyambira tsiku limene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2 ndi masiku 1,000, ndipo msinkhu umene watayika m'masiku amenewa ndi wovuta kuubweza. Akuluakulu anati mmera mpoyamba.

Mtsikana wa zaka 14 kapena 15 naye akadali kumanga mafupa ake, ndi a m'chiuno omwe. Akatenga pakati, ndiye kuti nyumba ziwiri zikulimbirana dothi limodzi. Lamulo la dziko lathu la 2019 limaletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18.

Popeza ndatchula chigaza, agogo akufunsa za liwombo. Mafupa a pamwamba pa mutu sadutsa mu chicherewecherewe ngati a miyendo. Amamera kuchokera pa kachikopa kolimba, n'kumakula kulowera pakati mpaka akumane. Pamene sanakumane ndiye liwombo. Si bala, si matenda. Limathandiza mutu kudutsa pobadwa, ndi kupatsa ubongo malo okulira. Ana ambiri limatsekeka asanakwanitse zaka 2, popanda kupakapo chilichonse. Koma liwombo limalankhula. Likalowa m'kati mwana akutsekula m'mimba kapena kusanza, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Muyamwitseni, mupatseni madzi a SRO, nyamukani kupita kuchipatala. Likatukumuka mwana ali phee, thupi likutentha, thamangani usiku womwewo, akhoza kukhala matenda oumitsa khosi. Nthawi imene mukusakasaka zomata pamutu ndi nthawi imene mwana akuthera.

Za matewe, mwana wongoyamba kuyenda miyendo imakhala yokhota pang'ono, ndipo imawongoka yokha. Koma akapitirira zaka 2 kukhotako kukukulirakulira, kapena mwendo umodzi wokha, kapena pamfundo za manja patatupa, kamuonetseni. Chimodzimodzi mwana akagwa mumtengo wa mango n'kutupa pafupi ndi bondo, chigongono kapena pamfundo ya dzanja. Pamenepo mpomerera fupa paja. Pakathyoka n'kupola mokhota, mkono ukhoza kukula mopindika kapena kutsalira. Musakoke, musatemere. Mangani ndi kathabwa mupite naye.

Ndinakumanapo ndi mayi wina amene anabisa khanda lake m'nyumba miyezi yambiri chifukwa linabadwa ndi mapazi opindikira m'kati. Apongozi ake ankati analakwira mwambo ali ndi pakati. Mayiyo sanalakwe kanthu. Mwa ana 1,000 obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa choncho, dziko lililonse. Ndipo poti phazi la khanda mbali yaikulu likadali chicherewecherewe, limawongoka. Pali njira ya dokotala wina dzina lake Ignacio Ponseti, amene ankagwira ntchito ku Iowa, ku America. Amawongola phazi ndi manja pang'onopang'ono, n'kumanga chikhakha, n'kumasintha sabata iliyonse kwa masabata 5 mpaka 8. Ana ambiri amawadulanso pang'ono mtsempha wa kuchitendene, kenaka mwana amavala tinsapato tolumikiza ndi kachitsulo, poyamba usana ndi usiku, pambuyo pake pogona pokha, mpaka zaka 4 kapena 5. Mukayamba masabata oyambirira, ntchito imaphweka. Mukadikira kuti ayambe wayenda, fupa limakhala litalimba.

Mwina mukufunsa kuti kodi mbale zija zinatulutsapo mankhwala enieni? Chitsanzo chilipo. Pali anthu ena amabadwa ndi manja ndi miyendo yaifupi kwambiri, mutu wokulirapo, koma thunthu labwinobwino ndi nzeru zonse. Madokotala amati achondroplasia. Mwa ana 10 otere, 8 amabadwa kwa makolo a msinkhu wamba, ndiye si ufiti, ndiponso si umboni wakuti mayi anayenda njira. Mu 1994 akatswiri anapeza chimene chimachititsa. Pomerera fupa pali chinthu chokhala ngati buleki ya njinga, choletsa kuti fupa lisakule mopitirira. Mwa ana amenewa bulekiyo imagwira kwambiri. Pogwiritsa ntchito maselo a chicherewecherewe a m'mbale, ndi mbewa zamoyo, anapeza chinthu china cha m'thupi chimene chimamasulako bulekiyo. Mankhwala ake, otchedwa vosoritide, anavomerezedwa ku Ulaya ndi ku America mu 2021. Ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku, amawonjezera pafupifupi sentimita imodzi ndi theka pa chaka, ndipo amagwira ntchito pokhapokha pomerera fupa pasanatsekeke. Ndi odula koopsa, ndipo sindikukutumani kuti mukawafunse kuchipatala chathu. Mwana wotere kwathu kuno chimene akufuna ndi kupita kusikelo ngati anzake, kuonedwa makutu ndi kapumidwe, ndi kulembedwa sukulu.

Werengani zaka: 1994 kufika 2021, zaka 27. Ndanena dala zimenezi chifukwa cha anthu aja amakwera m'chapa kapena kuima pamsika ndi timabotolo, n'kumati awa ndi olimbitsa mafupa, otalikitsa mwana, anayesedwa mu labotale. Mufunseni kuti anayesedwa pa ndani. Mbale si mwana. M'mbale mulibe magazi oyenda, mulibe chiwindi, mulibe impso. Maselo aja ndi a mbewa, ena ochokera m'chotupa, ndipo sanayendepo kapena kusenza mtolo wa nkhuni. Zinthu zambiri zimene zimaoneka bwino m'mbale zimakalephera pa nyama, zina zimakalephera pa anthu. Ndalama ya botolo limenelo ingagule kapenta wa sabata yathunthu.

Nthawi yanga yatha, akundikodola kale pagalasipa. Amayi ndi abambo, tsiku la sikelo, kumene ena timati ku peso, pemphani kuti mwana amuyeze kutalika, osati kulemera kokha, ndipo namwino akuonetseni pa khadi pamene mwana wanu ali. Amene muli ndi khanda la mapazi opindika, kapena mwana amene miyendo yake ikukudetsani nkhawa, uzani ativisita wa m'mudzi mwanu kapena pitani kuchipatala chapafupi, adzakulemberani kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Sabata yamawa tidzakamba za kaphikidwe ka phala la kapenta ndi nsinjiro, ndipo ndidzabwera ndi mayi wina amene amaliphika bwino kuposa ine.